Masenti 14 pa mgolo: mmene mayiko a mafuta anagwirizanirana ku Baghdad mu 1960

Anthu ambiri akamva dzina la OPEC, bungwe la mayiko otumiza mafuta kunja, amakumbukira chaka cha 1973, mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta ku America ndi ku Ulaya, komanso nduna zokweza mitengo mmene zafunira. Koma bungweli linabadwa kutatsala zaka 13 kuti zimenezo zichitike, ndipo chinalibereka ndi mkangano wa msonkho. Mayiko asanu amene anakumana ku Baghdad kuyambira pa 10 mpaka pa 14 Sepitembala 1960, omwe ndi Iran, Iraq, Kuwait, Saudi Arabia ndi Venezuela, sankagulitsa okha mafuta awo. Kukumba, kunyamula, kuyenga ndi kugulitsa, pafupifupi zonse zinali m'manja mwa makampani akunja. Boma linkangolandira gawo lake, ndipo gawolo linkawerengedwa kuchokera pa nambala imodzi imene makampaniwo ankaika okha. Ndikhalitsa pa nambala imeneyi chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Tiyambire pa mapangano akale. Kampani inkapatsidwa chilolezo chofufuza ndi kukumba mafuta m'dera lalikulu, nthawi zina pafupifupi dziko lonse, kwa zaka 60 kapena kuposa. Chilolezo chimene William Knox D'Arcy analandira ku Persia, imene pano ndi Iran, mu 1901 chinali cha zaka 60 ndipo boma linalonjezedwa 16 peresenti ya phindu. Ku Saudi Arabia, pangano la 1933 ndi Standard Oil of California linkapatsa mfumu mashiling'i anayi a golide pa tani iliyonse ya mafuta. Mtengo ukwere kapena utsike, mfumu inkalandira mashiling'i anayi omwewo. Kuchuluka kwa mafuta opopedwa, kumene akupita ndi mtengo wake, zonsezi zinali za kampani.

Makampani akuluakulu analipo asanu ndi awiri: Standard Oil of New Jersey, Socony Mobil, Standard Oil of California, Texaco, Gulf, Royal Dutch Shell ndi Anglo-Iranian imene inasanduka British Petroleum (BP) mu 1954. Kampani ya ku France ya CFP inkayenda nawo limodzi. Mphamvu yawo inali m'kulukanalukana kwawo. Aramco, kampani yokumba mafuta ku Saudi Arabia, inali ya makampani anayi a ku America. Kuwait Oil Company inali ya Gulf ndi BP, aliyense theka. Mu Iraq Petroleum Company munali BP, Shell, CFP, Jersey ndi Mobil. Choncho kampani imodzi inkadziwa zimene zikupopedwa m'mayiko atatu kapena anayi nthawi imodzi, pomwe nduna ya dziko limodzi sinkadziwa ngakhale zimene zinalembedwa m'pangano la dziko loyandikana nalo.

Venezuela ndiyo inayamba kusintha zinthu. Lamulo la mafuta la 1943 linakweza gawo la boma, ndipo mu Novembala 1948 lamulo la msonkho linakhazikitsa kuti phindu lizigawidwa pakati, theka la boma, theka la kampani. Anthu a ku Caracas ankadziwa kuti mafuta awo ndi okwera mtengo kukumba poyerekeza ndi a m'mayiko ozungulira nyanja ya Persian Gulf, ndipo kuti msonkho ukakwera kwawo kokha makampani asamukira kumene kuli kotchipa. Mu 1949 anatumiza nthumwi ku Middle East kukafotokoza mmene kugawana pakati kumayendera. Saudi Arabia inapangana ndi Aramco zogawana pakati mu Disembala 1950, Kuwait inatsatira mu 1951, Iraq mu 1952. Kwa makampani a ku America sizinapweteke kwenikweni, chifukwa ndalamazo zinkalembedwa ngati msonkho woperekedwa kunja ndipo zinkachotsedwa pa msonkho umene akanapereka kwawo.

Apa ndi pamene nambala ija inalowera. Kuti mugawane phindu pakati muyenera kudziwa mtengo umene mafuta agulitsidwira. Koma mafuta ambiri osayenga sankagulitsidwa pamsika woonekera. Aramco inkapereka mafuta kwa eni ake, eni akewo n'kuwapititsa ku mafakitale awo oyengera. Kampani inkadzigulitsa yokha. Ndiye anagwirizana kuti msonkho uziwerengedwa pa mtengo umene kampani yalengeza padoko, umene amautcha posted price. Mtengo wotsogolera unali wa mafuta a Arabian Light padoko la Ras Tanura, ndipo kuyambira 1957 unali $2.08 pa mgolo. Mgolo umodzi ndi malita pafupifupi 159.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti mtengo wolengezedwa ndi $1.90 ndipo kukumba mgolo umodzi kukudya masenti 20. Phindu la papepala ndi $1.70, boma litenga masenti 85, kampani masenti 85. Tsopano tiyerekeze kuti mafuta achuluka pamsika ndipo kampani yagulitsa mgolowo pa $1.60. Boma litengabe masenti 85 chifukwa msonkho sunawerengedwe pa mtengo weniweni. Kampani itsala ndi masenti 55. Kugawana kuja kwasanduka pafupifupi 61 kwa 39. Kampani ikafuna kuti boma lisenze nawo katunduyu, njira ndi imodzi yokha, kutsitsa mtengo wolengezedwa. Ikautsitsa ndi masenti 10, boma litaya masenti 5 pa mgolo uliwonse. Kwa dziko lotumiza migolo 1.3 miliyoni patsiku, monga Saudi Arabia mu 1960, amenewo ndi madola 65,000 patsiku, pafupifupi madola 24 miliyoni pachaka. Ndipo ndalamayo ikuchoka mu bajeti imene yalembedwa kale, popanda nduna ya zachuma kufunsidwa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mafuta anachulukadi. Soviet Union inabwereranso pamsika ndi mafuta otchipa, ndipo ENI, kampani ya mafuta ya boma la Italy yotsogozedwa ndi Enrico Mattei, inkagula ambiri. Makampani ang'onoang'ono odziimira paokha, monga Getty ndi Aminoil, anali ndi mafuta koma analibe misika yawoyawo, ndiye ankagulitsa potsitsa mtengo. Mu Febuluwale 1959 BP inatsitsa mtengo wolengezedwa ndi masenti 18, pafupifupi 10 peresenti, ndipo anzake anatsatira. Arabian Light inafika pa $1.90. Mwezi wotsatira Pulezidenti Eisenhower anaika malire pa mafuta olowa ku United States pofuna kuteteza okumba a kwawo. Mafuta olowa pamtunda kuchokera ku Canada ndi Mexico anapatulidwa, koma a Venezuela, amene msika wawo waukulu unali komweko, sanapatulidwe. Mafuta amene anatsekeredwa khomo ku America anathamangira ku Ulaya n'kugwetsanso mitengo kumeneko.

Wina angafunse kuti bwanji dziko limodzi silinangokana. Yankho linali likadali m'maso mwa aliyense. Mu 1951 Iran, pansi pa nduna yaikulu Mohammad Mossadegh, inalanda Anglo-Iranian n'kuika mafuta m'manja mwa boma. Makampani akuluakulu anakana kugula mafuta a Iran, ndipo dziko limene linkapopa migolo yoposa 600,000 patsiku linatsala pang'ono kuima. Dziko lapansi silinasowe mafuta. Makampani omwewo anangotsegula zitsime za ku Kuwait, Saudi Arabia ndi Iraq, ndipo Kuwait yokha inachulukitsa mafuta ake kuposa kawiri m'zaka zitatu. Mossadegh anagwetsedwa mu Ogasiti 1953, ndipo mu 1954 mafuta a Iran anaperekedwa ku gulu la makampani: BP 40 peresenti, makampani a ku America 40, Shell 14, CFP 6. Mayiko oyandikana nayo anapindula ndi tsoka la Iran, komabe amene ankaganiza mofatsa anaona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chida chimene chinagonjetsa Iran chinali mafuta a anansi ake.

Anthu awiri ndiwo anaona bwino zimenezi. Juan Pablo Pérez Alfonzo anali loya wa ku Caracas amene anatsogolera nkhani yogawana pakati mu 1948. Asilikali atalanda boma chaka chomwecho anamangidwa, kenako anakakhala ku United States ndi ku Mexico. Ali kumeneko anaphunzira mozama ntchito ya Texas Railroad Commission, bungwe la boma la Texas limene mwezi uliwonse linkayerekeza mafuta ofunika pamsika n'kuuza chitsime chilichonse kuchuluka kwa mafuta oti chipope. Cha m'ma 1960 zitsime zambiri za ku Texas zinkaloledwa kupopa masiku 8 kapena 9 okha pamwezi. Pérez Alfonzo atabwerera kwawo n'kukhala nduna ya migodi ndi mafuta mu boma la Rómulo Betancourt mu 1959, maganizo ake anali akuti zimene Texas inkachita ndi zitsime zake, mayiko otumiza mafuta achite pakati pawo. Iye ankaona mafuta ngati chuma chosabwerera, choti chisamwazidwe pa mtengo wozizira.

Winayo anali Abdullah Tariki wa ku Saudi Arabia, amene anaphunzira za miyala ndi mafuta ku University of Texas n'kugwirako ntchito ku Texaco asanabwerere kwawo kukatsogolera ofesi ya boma yoona za mafuta. Tariki anali munthu wa mabuku a ndalama. Ankafufuza mmene Aramco inkachotsera mtengo pogulitsa kwa eni ake ndi mmene phindu la mapaipi linkawerengedwera, ndipo ankanena poyera kuti kugawana pakati kunali kwa dzina lokha.

Awiriwa anakumana ku Cairo mu Epulo 1959, pa msonkhano woyamba wa mafuta wa mayiko a Aluya, umene unakonzedwa ndi bungwe la mayikowo la Arab League. Venezuela ndi Iran zinabwera ngati oonerera. Amene anakumanitsa awiriwa anali Wanda Jablonski, mtolankhani wa magazini ya Petroleum Week amene ankadziwa pafupifupi aliyense m'malonda a mafuta. Kunja kwa msonkhano weniweniwo, anthu ochepa anakumana mwachinsinsi ku Maadi, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Panali Pérez Alfonzo, Tariki, Ahmed Sayed Omar wa ku Kuwait, Manucher Farmanfarmaian wa ku Iran, Mohammed Salman, mbadwa ya Iraq amene ankagwira ntchito ku Arab League, ndi oimira United Arab Republic, dziko limene Egypt ndi Syria zinapanga pamodzi. Boma la Iraq silinatumize nthumwi ku Cairo chifukwa mtsogoleri wake Abd al-Karim Qasim ndi Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt sankamwerana madzi. Chikalata chimene anasainirana sichinkamanga boma lililonse. Chinkangopempha maboma kuti akhazikitse komiti yokambirana za mafuta, ateteze mitengo, akhazikitse makampani a mafuta a boma ndipo akweze gawo lawo kufika pa 60 peresenti, monga Venezuela inali itachitira mu Disembala 1958. Kwa chaka chathunthu pepalalo linangogona.

Analidzutsa ndi Standard Oil of New Jersey. Pa 9 Ogasiti 1960 kampaniyi, motsogozedwa ndi Monroe Rathbone, inatsitsa mitengo yolengezedwa ya mafuta a ku Middle East ndi masenti ofika 14 pa mgolo, pafupifupi 7 peresenti, osauzako boma lililonse. M'kampanimo munali ena, monga Howard Page amene ankayang'anira za Middle East, omwe anachenjeza kuti zimenezi ziputa mavu. Makampani ena anatsatira monyinyirika ndipo ena anatsitsa pang'ono, moti pomaliza Arabian Light inakhazikika pa $1.80. Kumbali ya malonda chifukwa chake chinali chomveka, monga masamu aja asonyezera. Kumbali ya ndale chinali cholakwa chachikulu, ndipo ndikuona kuti chimene chinapweteka maboma koposa masenti chinali kusafunsidwa. Shah, mfumu ya Iran, amene sankakonda Tariki ngakhale Qasim, nayenso anakwiya, ndipo popanda Iran msonkhano wa ku Baghdad ukanakhala wopanda mano.

Patangotha mwezi umodzi nthumwi zinali ku Baghdad. Qasim analandira msonkhanowu mosangalala chifukwa unkachotsa nkhani ya mafuta m'manja mwa Arab League, kumene mawu a Nasser ankamveka kwambiri ngakhale Egypt inalibe mafuta ochuluka otumiza kunja. Kukhalapo kwa Iran ndi Venezuela, amene si mayiko a Aluya, kunatsimikiza zimenezo. Iran inaimiridwa ndi Fuad Rouhani, Iraq ndi Tala'at al-Shaibani, Kuwait ndi Ahmed Sayed Omar, Saudi Arabia ndi Tariki, Venezuela ndi Pérez Alfonzo. Qatar inabwera kudzaonerera. Kuwait inali isanalandire ufulu wodzilamulira kuchokera ku Britain, ndipo Tariki anali asanakhale nduna, udindo umene anaulandira mu Disembala chaka chomwecho. Mayiko asanuwa pamodzi ankatulutsa pafupifupi 80 peresenti ya mafuta osayenga otumizidwa kunja padziko lonse. Venezuela ndiyo inali patsogolo ndi migolo pafupifupi 2.8 miliyoni patsiku, Kuwait pafupifupi 1.7 miliyoni, Iran ndi Iraq iliyonse pafupifupi 1 miliyoni.

Chigamulo choyamba cha msonkhanowu ndi chachifupi ndipo n'chofunika kuchiwerenga mosamala. Chinati mamembala sangapitirize kungoyang'ana pamene makampani akusintha mitengo, chinalamula kuti makampani asunge mitengo yokhazikika, kuti mitengo ibwerere pamene inali isanatsitsidwe, ndipo kuti kampani ikaona chifukwa chosinthira mtengo iyambe yakambirana ndi boma lokhudzidwa. Chinatinso mamembala afufuze njira yokhazikitsira mitengo, kuphatikizapo kulamulira kuchuluka kwa mafuta opopedwa. Mawu akuti afufuze ndi ofunika. Pérez Alfonzo ankafuna dongosolo la ku Texas, koma anzake anangovomera kuti nkhaniyo iphunziridwe.

Ndime yomaliza ya chigamulocho ndi imene ndimaiona ngati msana wa bungwe lonse. Inati ngati kampani ilanga membala mmodzi chifukwa chotsatira chigamulo chimene onse agwirizana, membala wina asalandire mwayi uliwonse umene kampaniyo ingamupatse, kaya ndi kuwonjezera mafuta otumiza kunja kaya kukweza mtengo. Dzina la Iran silinatchulidwe, koma ndime imeneyi inalembedwa ndi chaka cha 1951 m'maganizo.

Chigamulo chachiwiri chinakhazikitsa bungwe lokhalitsa, kuti lizikumana kawiri pachaka kapena kuposa, likhale ndi ofesi ya mlembi, ndipo dziko lina lotumiza mafuta ambiri kunja lilowe pokhapokha mamembala asanu oyambitsawo avomere onse. Msonkhano wachiwiri, ku Caracas mu Januwale 1961, unavomereza malamulo oyendetsera bungwe, unalandira Qatar ndipo unasankha Rouhani kukhala mlembi wamkulu woyamba. Dziko lililonse lili ndi voti imodzi ndipo chigamulo chimadutsa pokhapokha onse avomere. Lamulo limeneli limateteza dziko laling'ono, komanso limapatsa membala mmodzi mphamvu yoimitsa onse. Likulu linaikidwa ku Geneva, koma Switzerland inakana kupatsa bungweli ulemu ndi chitetezo cha akazembe. Austria inavomera, ndipo ofesi inasamukira ku Vienna pa 1 Sepitembala 1965. Pangano la ku Baghdad linalembetsedwa ku United Nations mu Novembala 1962, chaka chimene Indonesia ndi Libya zinalowa.

Zaka zoyambirira zinali zovuta. Makampani ankakana kukambirana ndi OPEC ngati bungwe, ankati mapangano awo ali ndi dziko lililonse palokha. Kuwait italandira ufulu mu Juni 1961, Qasim analengeza kuti dzikolo ndi gawo la Iraq, ndipo Iraq inasiya kupita ku misonkhano imene Kuwait inkapezekako mpaka Qasim atagwetsedwa mu 1963. Mu Disembala 1961 Iraq inakhazikitsa Lamulo Nambala 80 lolanda 99.5 peresenti ya malo amene Iraq Petroleum Company inali nawo koma isanayambe kupopamo. Eni kampaniyo anachedwetsa kukula kwa mafuta a Iraq n'kumawonjezera kwina, ndipo anansi analandira. Ndime ija ya mgwirizano sinathandize chifukwa Iraq inachita zimenezi payokha, osati potsatira chigamulo cha onse. Tariki anachotsedwa mu Malichi 1962 n'kulowa Ahmed Zaki Yamani. Pérez Alfonzo anatula pansi udindo mu 1963.

Nkhondo yaikulu ya zaka zimenezi inali ya royalty, ndalama imene mwini nthaka amalandira chifukwa chuma chake chikuchotsedwa pansi. Ku Middle East inali 12.5 peresenti ya mtengo wolengezedwa, koma inkawerengedwa mkati mwa theka la boma lija, ngati msonkho wolipiriratu. Ku Venezuela ndi ku United States inkawerengedwa payokha, ngati ndalama yowonongedwa pa ntchito, kenako msonkho n'kubwera pamwamba pake. Msonkhano wa ku Geneva wa Juni 1962 unalamula kuti Middle East itsatire njira yachiwiriyi. Tibwererenso ku masamu. Mtengo ndi $1.80, kukumba tiyerekezenso masenti 20. Mwa njira yakale boma litenga theka la $1.60, amene ndi masenti 80. Mwa njira yatsopano litenga kaye royalty ya masenti 22.5, kenako theka la $1.375 yotsala, amene ndi masenti 68.75. Zonse pamodzi masenti 91.25. Kusiyana kwake ndi masenti 11.25 pa mgolo.

Kukambirana kunatenga zaka zoposa ziwiri, ndipo Rouhani ankakhala patebulo m'dzina la maboma, osati la OPEC. Kumapeto kwa 1964 makampani anavomera, koma anaika msampha wake. Powerengera msonkho ankachotsa 8.5 peresenti pa mtengo wolengezedwa mu 1964, 7.5 mu 1965 ndi 6.5 mu 1966. Pa $1.80, 8.5 peresenti ndi masenti 15.3, ndipo theka lake, masenti 7.65, linkachoka ku gawo la boma. Pa masenti 11.25 aja panatsala masenti pafupifupi 3.6 chaka choyamba. Iran ndi Saudi Arabia zinavomera, Iraq inakana, ndipo nyumba ya malamulo ya Kuwait inakana kwa zaka zingapo. Popeza onse sanagwirizane, bungwe linasiya dziko lililonse kuti lisankhe lokha.

Mitengo sinabwerere pamene inali Ogasiti 1960 isanafike. Komabe pali chipambano chimene anthu ambiri sachiwerengera chifukwa ndi chinthu chimene sichinachitike: makampani sanatsitsenso mtengo wolengezedwa. Arabian Light inakhala pa $1.80 zaka khumi zathunthu, pomwe mtengo weniweni wa pamsika unkatsika ndithu m'zaka za m'ma 1960. Kutsikako kunagwera makampani. Mtengo wolengezedwa unasiya kukhala mtengo wa malonda n'kusanduka nambala yowerengera msonkho, ndipo nambala ya msonkho ndi chinthu chimene boma lingati ndi langa. Mu 1965 Libya inagwiritsa ntchito mfundo yomweyi pokakamiza makampani ang'onoang'ono, amene ankapereka msonkho pa mtengo wotsika umene agulitsira, kuti aziwerengera pa mtengo wolengezedwa, ndipo OPEC inaima kumbuyo kwake.

Chimene chinakanika ndi loto la Pérez Alfonzo. Mu 1965 msonkhano wa ku Tripoli unayesa kugawana kuchuluka kwa mafuta amene dziko lililonse lingawonjezere pachaka. Dongosololi silinapite patali. Choyamba, amene ankatsegula ndi kutseka zitsime anali makampani, osati maboma. Chachiwiri, panalibe muyeso umene onse akanauvomera. Iran, yokhala ndi anthu ambiri, inkafuna kuti chiwerengero cha anthu chiwerengedwe ndipo inkafuna kubwerera pamalo oyamba amene inataya mu 1951. Saudi Arabia ndi Kuwait zinali ndi anthu ochepa koma mafuta ambiri pansi. Venezuela inkateteza gawo limene inali nalo kale. Libya, imene inangoyamba kutumiza mafuta mu 1961, sikanalola kumangidwa miyendo ikungoyamba kuthamanga. Chachitatu, popeza ndalama ya pa mgolo inali itaima, njira yokha yowonjezera chuma cha boma inali kugulitsa migolo yambiri, choncho nduna iliyonse ikabwerera kwawo inkakakamiza makampani kuti apope zambiri. Ku Texas dongosolo linkayenda chifukwa panali boma limodzi, makhoti, ndi lamulo la 1935 loletsa kutumiza ku zigawo zina za United States mafuta opopedwa mopyola malire. OPEC inalibe khoti ngakhale chilango.

Mu Juni 1968 bungweli linatulutsa chikalata cha mfundo za mafuta chimene panthawiyo sichinamveke kwambiri. Chinati boma ndilo liziika mtengo wowerengera msonkho, makampani azibweza malo amene sakugwiritsa ntchito, ndipo boma likhale ndi gawo m'makampani amene anapatsidwa chilolezo kalekale. Chaka chomwecho, mu Januwale, Kuwait, Libya ndi Saudi Arabia zinakhazikitsa bungwe lina la mayiko a Aluya okha, OAPEC. Mabungwe awiriwa amasokonezedwa kawirikawiri. Kuletsa mafuta kupita ku United States ndi Netherlands mu 1973 kunachokera kwa nduna za mayiko a Aluya, ndipo Iran ndi Venezuela sizinatenge nawo mbali.

Zimene zinalembedwa mu 1960 ndi mu 1968 zinagwira ntchito msika utatembenuka. Ngalande ya Suez inali yotseka kuyambira 1967, ndipo mu Meyi 1970 paipi ya Tapline, yonyamula mafuta a Saudi Arabia kupita ku nyanja ya Mediterranean, inathyoka ku Syria, moti mafuta a Libya, amene ali pafupi ndi Ulaya, anafunika kwambiri. Boma latsopano la Muammar Gaddafi linasankha Occidental, kampani imene inkadalira Libya yokha, n'kuilamula kuchepetsa mafuta kuchoka pa migolo pafupifupi 800,000 patsiku kufika pafupifupi 500,000. Mu Sepitembala Occidental inagonja, mtengo wolengezedwa unakwera ndi masenti 30 ndipo msonkho unadutsa 50 peresenti. Ku Caracas mu Disembala 1970 OPEC inalamula kuti msonkho usachepere 55 peresenti, ndipo pa 14 Febuluwale 1971 ku Tehran makampani anasainirana ndi mayiko asanu ndi limodzi a ku Gulf pamodzi, chinthu chimene anakhala akukana zaka khumi. Pa 16 Okutobala 1973 ku Kuwait mayiko omwewo anakweza Arabian Light kuchoka pa $3.01 kufika pa $5.12 osafunsa kampani iliyonse, ndipo mu Disembala anaika $11.65 kuyambira Januwale 1974.

Kugawana kuchuluka kwa mafuta kunadikira mpaka Malichi 1982, Pérez Alfonzo atamwalira kale mu 1979. Panthawiyo maboma ambiri anali atatenga zitsime m'manja mwawo, mafuta a ku North Sea, Alaska ndi Mexico anali atadzaza msika, ndipo OPEC inaika malire a migolo 17.5 miliyoni patsiku. Iran ndi Iraq zinali pankhondo, mamembala angapo anapopa kuposa gawo lawo, ndipo mu Malichi 1983 ku London bungweli linatsitsa lokha mtengo wa Arabian Light kuchoka pa $34 kufika pa $29.